Mtima wa mwana taupima, nanga msewu wa ku Kachulu?

Kusikelo masiku ano kwabwera funso latsopano, ndipo lafika kale m'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji: "Kodi munakajambulitsa sikani?" Mayi amene mwamuna wake wagulitsa bwino matemba kapena mpunga amakwera njinga yamoto, ulendo wa m'tauni ya Zomba. Kumeneko amalipira, amagona pakabedi, amamupaka mafuta ozizira pamimba, ndipo pakatha mphindi zochepa amatuluka ndi kapepala ka chithunzi chakuda chimene ngakhale mphunzitsi wa m'mudzimo sangachimasulire. Akafika pakhomo, apongozi ndi alamu funso lawo limakhala limodzi: ndi wamwamuna kapena wamkazi? Za mtima wa mwanayo palibe amene amafunsa.

Ndili ndi chifukwa ndi anthu amene amagulitsa sikani ngati chithunzi cha pa ukwati, koma amenewo ndiwabwerera kumapeto. Chifukwa changa chachikulu chili ndi magulu awiri amene amaoneka ngati otsutsana, pamene onse amamusiya mayi wa kunyanja ya Chilwa pamalo amodzimodzi. Gulu loyamba ndi la mabwana amene amati kupima mtima wa mwana wosabadwa ndi zachizungu, zoyenera amayi a ku Namiwawa ndi ku Area 10, osati mayi wowamba nsomba padoko la Kachulu. Gulu lachiwiri ndi la akuluakulu aboma ndi amabungwe amene amabwera ndi makina pamwambo, kudula kansalu, kujambulitsa, kuvina pang'ono ndi amayi a m'mudzi, n'kubwerera ku Lilongwe akukhulupirira kuti apulumutsa ana. Oyambawo akumumana mayiyo chinthu chomuyenera. Achiwiriwo akumupatsa uthenga wopanda thandizo.

Tiyambe ndi chimene makinawa amaona, chifukwa ambiri amene amakangana za nkhaniyi sanachimvetse.

Mtima ndi chiwalo choyamba kugwira ntchito m'thupi la munthu. Umayamba kugunda patangotha masabata atatu mwana atalengeka, mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima. Pofika sabata ya 6 kapena ya 7, kuwerengera kuchokera pa tsiku limene mayi anasamba komaliza, sikani imauona ukuphethira. Pakati pakakula, mtimawo umagunda ka 110 mpaka ka 160 pa mphindi, pafupifupi kuwirikiza kawiri mtima wa mayi wake. Nthawi yabwino youyang'anitsitsa ndi pakati pa sabata ya 18 ndi ya 22. Pamenepo m'lifupi mwake mumakhala masentimita ngati awiri okha, koma zonse zimakhala zili m'malo: zipinda zinayi, khoma lapakati, tizitseko totsegukira mbali imodzi, ndi mitsempha ikuluikulu iwiri yotulutsa magazi imene imapingasana potuluka.

Wopima wodziwa ntchito amayamba waona ngati mtima uli kumanzere. Kenako amaona ngati zipinda za kumanja ndi za kumanzere zikulingana, ngati khoma lilibe chiboo, ndiponso ngati mitsempha ija ikutuluka m'zipinda zake. Akatero amazunguliza mzere pamtima, n'kuzungulizanso wina pachifuwa chonse. Mtima wabwino umatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a malo a m'chifuwa. Ukafika theka, pali nkhani. Za kagwiridwe kake ka ntchito amaziona poyang'ana mmene makoma akufinyira, komanso ndi njira ya Doppler imene imaonetsa kumene magazi akulowera ndi liwiro lake, mumtima momwemo ndi mumchombo. Izi sizachilendo padziko. Ian Donald anafalitsa ntchito yake yoyamba ya sikani ku Glasgow mu 1958, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Lindsey Allan ku London anali ataonetsa kale kuti zilema za mtima zingathe kuoneka mwana ali m'mimba.

Apa ndi pamene a gulu loyamba aja amaphonya. Iwo amaganiza kuti mtima ukapezeka waukulu ndiye kuti mwana ali ndi chilema chofuna dokotala wa ku India. Nthawi zina zimaterodi. Koma kawirikawiri mtimawo unapangika bwinobwino, ukungolemedwa ndi katundu wochokera kwina. Mwana akachepa magazi m'mimba, mtima umakula poyesa kupopa mochuluka. Chindoko cha mayi chikamufika mwana, chiwindi chimatupa, magazi amachepa, ndipo mtima ukatopa madzi amayamba kudzadza m'mimba, m'chifuwa ndi pansi pa khungu la mwanayo. Shuga wa mayi amanenepetsa khoma lapakati la mtima wa mwana. Malungo akakhazikika munsengwa, chakudya chimafika chochepa, mwana amapinimbira, ndipo mtima wake umagwira ntchito ya ukapolo kuti ubongo usasowe magazi. Tsono taganizani za dera limene tikunenali: madambo, minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi, udzudzu chaka chonse, likodzo m'madzi, asodzi ndi ogula nsomba ochokera kutali akusinthana padoko. Ngati pali mayi m'Malawi muno amene mtima wa mwana wake uli ndi zifukwa zotopera, ndi mayi wa kunyanja ya Chilwa. Ndipo zambiri mwa zifukwazo zili ndi mankhwala otchipa: jakisoni wa penisilini, Fansidar wa kusikelo, mapiritsi owonjezera magazi, masikito.

Ndinene mosabisa kuti chindoko sichifuna sikani kuti chipezeke. Kadontho ka magazi a pachala kamakwanira, ndipo zotsatira zimatuluka mayi asananyamuke pabenchi. Chipatala chimene chili ndi makina a sikani koma zipangizo zoyezera chindoko zinatha mwezi watha, chinayamba ndi denga maziko asanakumbidwe.

Zilema zenizeni za mtima nazo zilipo, ndipo sizosowa monga ambiri amaganizira. Padziko lonse, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 8 kapena 9 amabadwa ndi chilema cha mtima. M'Malawi mumabadwa ana oposa 500,000 pa chaka, ndiye werengani nokha: ana oposa 4,000 chaka chilichonse. Ambiri zilema zawo ndi zazing'ono, tiziboo tina timatsekeka tokha. Koma pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amafunika thandizo lalikulu asanakwanitse chaka.

Chimene chimapweteka ndi mmene ana oterewa amatisiyira. Mwana ali m'mimba sagwiritsa ntchito mapapo. Mpweya amalandira kwa mayi kudzera munsengwa, ndipo mtima wake uli ndi njira ziwiri zachidule zodutsitsa magazi molambalala mapapo. Chifukwa cha njira zimenezi, ngakhale mwana amene mitsempha yake inasinthana malo amakula bwino m'mimba, amabadwa wonenepa, amalira, amayamwa. Mayi amatulutsidwa m'chipatala tsiku lotsatira, anthu akululutira. Patsiku lachiwiri kapena lachitatu njira zija zimayamba kutsekeka monga zimachitira mwa mwana aliyense, ndipo mwanayo amasiya kuyamwa, milomo imada, kupuma kumathamanga. Zimachitikira m'chikuta, kumudzi, usiku. Kukacha anthu amakhala atapeza kale wolakwa. Ena amati ndi tsempho, bambo anayenda njira zosayenera. Ena amaloza agogo a kuseri kwa mudzi. Mabanja atha, nkhalamba zathamangitsidwa, chifukwa cha mitsempha iwiri imene inasinthana malo mayi asanadziwe kuti ali ndi pakati. Ngakhale sikani ikanati isapulumutse mwana ameneyo, kudziwa chimene chinamutenga kukanapulumutsa anthu otsala.

Mpaka apa a gulu lachiwiri aja akuombera m'manja. Adikire kaye.

Ku London kapena ku Johannesburg, mtima wa mwana ukapezeka ndi vuto pa sabata ya 20, tsiku lomwelo dongosolo limayamba. Mayi amauzidwa chipatala chokachilira, mankhwala a prostaglandin oletsa imodzi mwa njira zachidule zija kutsekeka amakhala akudikira, ndipo dokotala wa opaleshoni ya mtima amakhala atalemba kale tsiku. Nanga mayi wa pa Mchenga kapena wa pachilumba cha Chisi akauzidwa zomwezo, chotsatira n'chiyani? Boma la Zomba lilibe chipatala chaboma chakechake monga maboma ena. Aliyense amakathera kuchipatala chachikulu cha Zomba, chimene chimalandiranso odwala otumizidwa kuchokera ku Machinga, Balaka ndi Mangochi. Kuchoka apo ndi ku Gulupu ku Blantyre, kumene kuli madokotala a ana ndi chipatala cha Mercy James chimene chinatsegulidwa mu 2017. Koma ana ambiri ofunika opaleshoni ya mtima amalembedwa pamndandanda wodikira kutumizidwa kunja, makamaka ku India. Mwana wa mitsempha yosinthana amafunika opaleshoni m'masabata oyambirira a moyo wake. Mndandanda wa ku India suyenda pa masabata. Lamulo lathu nalo silola kuchotsa pakati chifukwa cha chilema cha mwana. Choncho mayiyo amabwerera kumudzi atasenza uthengawo kwa miyezi inayi, akulima, akutunga madzi, mwana akumukankha m'mimba.

Walira mvula walira matope. Amene wabweretsa makina oonera mtima wavomera ngongole ya zonse zimene makinawo aone: munthu wodziwa kufotokoza mwaulemu m'Chichewa kapena m'Chiyao, galimoto, mafuta, bedi, magazi, ndi dokotala.

Izi sindikuzinena pongoganiza. Mu 2018 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa First Look, amene anachitika m'midzi ya maiko asanu: Zambia, Kenya, Democratic Republic of Congo, Pakistan ndi Guatemala. M'madera ena amayi masauzande ambiri anajambulidwa sikani kawiri pa pakati pamodzi, m'madera ena ayi. Ojambulawo anaphunzitsidwa bwino, makina anagwira ntchito, mavuto anapezeka, makalata otumizira amayi kuzipatala zazikulu analembedwa. Powerengera kumapeto, imfa za amayi sizinatsike, ana obadwa atamwalira sanachepe, imfa za makhanda zinali chimodzimodzi. Ofufuzawo anaona okha kuti popanda kukonza chisamaliro cha kuzipatala zimene amayiwo amatumizidwako, sikani payokha siphula kanthu. Nduna iliyonse ya zaumoyo ikanayenera kuwerenga kafukufuku ameneyu isanakadule kansalu kena.

Kodi ndiye tizisiye? Ayi ndithu. Chofunika ndi kudziwa chimene tikugula, ndi chimene chiyenera kutsogola.

Chinthu chamtengo wapatali chimene sikani ingamupatse mayi wa ku Chilwa ndi tsiku. Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi asanakwanitse masabata 24, ndipo chifukwa choyamba chinali kudziwa msinkhu weniweni wa pakati. Amayi ambiri kwathu kuno salemba masiku. Ena amatenga pakati akuyamwitsa, ena atangosiya jakisoni wolera, osasamba n'komwe. Mzamba amangodalira tepi pamimba ndi kukumbukira kwa mayi kuti "unali mwezi wokolola mpunga". M'dziko limene lipoti la Born Too Soon la 2012 linaliika patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa masiku asanakwane, kusadziwa masabata kumapha. Pali jakisoni wa dexamethasone amene amakhwimitsa mapapo a mwana amene akufuna kubadwa msanga. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2015, wochitikira m'maiko angapo kuphatikizapo Zambia ndi Kenya, anapeza kuti jakisoniyu ataperekedwa mwachisawawa m'madera amene masabata a pakati sankadziwika bwino, imfa za makhanda zinakwera m'malo motsika, ndipo ambiri amene anabayidwa ana awo anabadwa okhwima kale. Mu 2020 kafukufuku wa WHO anaonetsa kuti mankhwala omwewo, akaperekedwa m'zipatala zimene masabata atsimikizidwa ndi sikani, amapulumutsa makhanda. Mankhwala anali amodzi. Chinasiyanitsa ndi kudziwa tsiku ndiponso chipatala chimene chikumulandira mwanayo.

Sikani yomweyo imanena ngati ali mapasa. Ikabwerezedwa mwezi wachisanu ndi chitatu imanena ngati mwana wapingasa kapena watsogoza matako, ndiponso ngati nsengwa yatseka khomo la chiberekero. Kwa mayi wa m'tauni izi ndi nkhani yosankha tsiku la opaleshoni. Kwa mayi wa pa Chisi ndi nkhani yowoloka nyanja kusanachite mdima wa matenda, n'kukakhala kuchidikiro mvula isanatseke njira. Nyanja ya Chilwa siidalirika. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, ndipo ikatero pamatsala matope oti bwato silingayandame, galimoto silingapondepo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 madzi anabwerera mwaukali, n'kumiza minda ndi njira. Ukawoloka, pakadali makilomita ngati 30 a msewu wafumbi kuchoka pa Kachulu kukafika m'tauni. Mayi amene nsengwa yake yatseka njira akayamba kutaya magazi pakati pa usiku, ulendo umenewu sautha.

Ndiye pempho langa ndi ili: sikani imodzi, yaulere, pachipatala chaching'ono chapafupi, yojambulidwa ndi mzamba amene mayiyo amamudziwa kale. N'zotheka. Makina a masiku ano ena amakwana m'thumba la yunifolomu, amalumikizidwa ku foni kapena tabuleti, ndipo amatchajidwa ndi magetsi a dzuwa. Ofufuza a ku yunivesite ya Edinburgh pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu, mu ntchito yotchedwa DIPLOMATIC, anaonetsa kuti azamba a m'Malawi amene anali asanagwirepo makinawa anaphunzira kupima msinkhu wa pakati molondola pa maphunziro osafika mwezi. Mzamba amene waphunzira kupima mutu ndi fupa la ntchafu angathenso kuphunzitsidwa, pang'onopang'ono ndi moyang'aniridwa, kuona zinthu zochepa za mtima: uli kumanzere kodi, zipinda zilipo zinayi, wadzadza chifuwa kapena ayi, ukugunda kangati, pali madzi pamene sayenera kukhala. Sadzaona zilema zonse. Ngakhale m'maiko olemera zambiri zimaphonyeka. Koma akakayika angathe kutumiza kakanema ka masekondi ochepa pafoni kwa dokotala wa ku Zomba kapena ku Gulupu, m'malo motumiza mayi wotopa pa njinga kuti akangouzidwa kuti zonse zili bwino.

Koma mzamba ameneyu timuganizire. M'zipatala zambiri zakumidzi amakhala yekha usiku wonse: ndiye wa kusikelo, ndiye wa kuchipinda chochilira, ndiye wolemba mabuku, nthawi zina akuunikira ndi tochi ya foni yake. Kumuonjezera makina osamuonjezera mnzake ndi kumulanda nthawi imene akanamvetsera mtima wa mwana wa mayi amene matenda ayamba. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti zaumoyo zizilandira 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti. Ife zaka zambiri takhala tikuperewera, pamene anamwino ndi azamba omaliza maphunziro akugulitsa kaunjika podikira kulembedwa ntchito.

Ndatchula kumvetsera, ndipo apa ndichedwepo, chifukwa muyeso wa mtima umene ungapulumutse ana ambiri kunyanja ya Chilwa si wa masentimita. Ndi kuwerenga chabe. M'maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara, pafupifupi theka la ana obadwa atamwalira amakhala anali amoyo pamene matenda amayamba. Mayi anafika pachipatala mwana akusewera m'mimba, mtima wake wopanda chilema chilichonse, n'kutuluka ndi kamtolo kokaika kudambo amayi okhaokha, popanda maliro, popanda dzina. Mwana amene akubanika pobadwa amadandaula kudzera mumtima: kugunda kumatsika pansi pa 110, kapena kumakwera kupitirira 160, kapena kumagwa chiberekero chikafinya n'kuchedwa kubwerera. Malangizo amati mzamba azimvetsera mphindi 15 mpaka 30 zilizonse matenda akakhwima, ndipo mphindi zisanu zilizonse mayi akayamba kukankha. Chida chake ndi kalipenga kaja kamene Adolphe Pinard anakonza ku France cha m'ma 1895, kapena kamakina ka Doppler ka m'manja. Palibe chodula pamenepa. Chodula ndi khutu la munthu amene ali ndi mpata womvetsera, ndi ambulansi imene ifike iye akamva zoipa.

Kuchipatala cha Area 25 ku Lilongwe, madokotala a Baylor mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo anaika makina omvetsera mtima wa mwana mosalekeza pa nthawi yochira, okhala ndi kompyuta yochenjeza azamba zinthu zikayamba kusokonekera, ndipo analengeza kuti imfa za makhanda zatsika kwambiri. Nyuzi zakunja zinatamanda kompyutayo. Chimene sizinachikweze n'chakuti pamalo omwewo pali chipinda cha opaleshoni ndi anthu ochita opaleshoniyo. Belu likalira pa Area 25, mayi amamukankha pa kabedi mamita ochepa. Likalira pachipatala chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, mzamba amaimba foni, n'kuuzidwa kuti ambulansi ili kwina kapena ilibe mafuta, ndipo abale amayamba kusonkherana.

Tinawauza amayi kuti asiye azamba akumudzi. Boma linaletsa azambawo mu 2007, mafumu anaika malamulo a chindapusa cha mbuzi kapena ndalama kwa wochilira pakhomo, ndipo m'nthawi ya Mayi Joyce Banda, mwana wa ku Domasi komweko, uchembere wabwino unali nyimbo ya dziko lonse. Amayi anamvera. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse ankachilira kuchipatala. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti makhanda 27 mwa 1,000 ankamwalira mwezi usanathe, ndipo amayi 439 mwa 100,000 ankatsikira kuli chete chifukwa cha uchembere. Amayi anakwaniritsa mbali yawo ya pangano. Mbali yotsalayo ndi ya ku Capital Hill.

Pali nambala ina m'kafukufuku ameneyu imene ingagwetse dongosolo lonse la sikani: amayi 24 okha mwa 100 ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Sikani yopima masiku imalondola kwambiri pakati pakadali pang'ono. Mayi akabwera mwezi wachisanu ndi chiwiri, makina amangoyerekeza ngati tepi yomwe ija. Zifukwa zochedwera timazidziwa. Pakati sipalengezedwa msanga, anthu amaopa maso oipa. Ulendo ndi wautali. Koma china tinachipanga tokha, ndi manja athu: lamulo loti mayi abwere ndi mwamuna wake pa sikelo yoyamba, ndipo akalephera abwere ndi kalata ya amfumu. Cholinga chinali chabwino, kuti abambo ayezetse magazi limodzi ndi akazi awo. Koma amene analiganiza lamuloli sanafike ku Chilwa. Kuno mwamuna amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja, masabata ambiri, ena miyezi. Wina ali ku Mozambique, wina ku Joni, wina anathawa pakati pomwepo. Mayi amadikira mwamuna, kapena amachita manyazi kukauza amfumu chinsinsi chimene sanauze ngakhale mayi ake omubala, ndipo sabata ya 24 imadutsa. Inu mafumu athu, a Gogo Chalo, inu amene munatha kuthamangitsa uchembere wa pakhomo ndi mawu anu okha, mungathenso kulengeza kuti mayi aliyense alandiridwe kusikelo tsiku limene wafika, kaya ali ndi mwamuna kaya ali yekha. Zimenezo sizifuna thandizo la kunja.

Zomba si yachilendo pa zinthu zotchipa zochitidwa bwino. Njira ya kangaru, yofungatira pachifuwa mwana wobadwa masiku asanakwane, m'Malawi muno inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, n'kufalikira dziko lonse. Makina othandiza makhanda kupuma a Pumani anayesedwa ku Gulupu mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America, lero ali m'zipatala zaboma zambiri. Katemera wa chikuku wophatikiza ndi wa rubella, amene anayamba kuperekedwa mu 2017, akuteteza mwakachetechete mitima ya ana amene amayi awo lero akadali kusukulu, chifukwa rubella ikagwira mayi pakati pakadali pang'ono imawononga mtima, maso ndi makutu a mwana. Pamndandanda womwewu ndikanakonda paonjezedwe kachipangizo ka pulse oximeter, kopanira kuphazi la khanda lisanatuluke m'chipatala. Kamaonetsa ngati mpweya m'magazi ndi wochepa pamene maso sanayambe kuona kuda kwa milomo. Kamagwira zilema zina zoopsa za mtima zimene sikani inaphonya, ndipo kamagwiranso chibayo ndi matenda a m'magazi, amene mankhwala ake tili nawo m'dziko momwe muno.

Tsopano ndibwerere kwa amalonda aja. Sindikudana ndi zipatala zolipira. Zambiri zikutseka dzenje limene boma linasiya. Koma munthu amene walandira ndalama ya mayi wowamba nsomba ayenera kumupatsa zoposa mawu oti "ndi wamwamuna". A Medical Council of Malawi ndi a Nurses and Midwives Council ali ndi mphamvu yofunsa kuti wogwira makinawo anaphunzira kuti, ndiponso yolamula kuti sikani iliyonse izilembedwa m'buku la kusikelo la mayi, m'mawu oti mzamba wa kumudzi awerenge: masabata angati, ana angati, wagona bwanji, nsengwa ili pati, mtima ukugunda kangati, zipinda zinayi zaoneka kapena sizinaoneke. Wojambula amene sangathe kuyankha mafunso amenewa asalandire ndalama ya munthu.

Aphungu ndi makhansala a m'mbali mwa nyanjayi nawo madera awo ali ndi thumba la chitukuko chaka chilichonse. Tsiku limene bungwe lina lidzabwere ndi makina a sikani ku Likangala, kwa Matiya kapena pa Chisi, asadzathamangire kuvina. Adzafunse amene adzawakonze akawonongeka, amene adzagule mafuta opaka pamimba aja botolo loyamba likatha, azamba angati aphunzitsidwa ndipo wina akasamutsidwa adzalowe m'malo ndani. Adzafunsenso nambala ya foni ya dokotala amene adzayankhe usiku mzamba akaona mtima wodzadza chifuwa, ndi malita a dizilo amene ambulansi ya deralo yapatsidwa mwezi umenewo. Mayankho alembedwe papepala, amfumu asunge limodzi, komiti ya chipatala isunge lina.